Chithunzi chakale cha mpira: dziwani chaka chake musanatchule mtengo

Amalonda anzanga a ku Migowi, ku Chiringa ndi pa boma la Phalombe, makamaka inu amene muli ndi kashopu kosindikiza mapepala ndi kutsuka zithunzi, sabata ino tikambe za katundu amene ambiri timamudutsa: zithunzi zakale za osewera mpira. Zili m'masutikesi a agogo, zina zapachikidwa m'magolosale mpaka kuchita utsi. Napolo wa mu March 1991 ndi namondwe wa Freddy wa mu March 2023 adakokolola zambiri, choncho zotsalazo eni ake amazisunga ngati mankhwala, ndipo amalipira kuti zikonzedwe.

Ntchito yoyamba ndi kudziwa chaka. Chithunzi chopanda chaka n'chongokongoletsa khoma, koma chodziwika chaka ndi maina chimakopa wokonda mpira weniweni. Tembenuzani kaye kumbuyo. Ngati wojambula adalemba mtengo m'mashiling'i, dziwani kuti kwacha ndi tambala zidayamba mu 1971. Gwiraninso pepalalo. Lakale kwambiri kumbuyo kwake limamveka ngati pepala wamba ndipo limapindika m'mphepete. Loterera ngati pulasitiki lidafala kuyambira m'ma 1970. Zithunzi zamitundu za m'ma 1970 ndi 1980 zimakonda kufiirira zikakalamba.

Kenako werengani dzina la timu, chifukwa matimu athu amasintha maina potsatira wowathandiza. Bata Bullets ndi ya masiku a Kinnah Phiri, pomwe Bakili Bullets ikukufikitsani cha mu 2004, chaka chomwe idafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League. Noma nayo idatchedwapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL ndi Be Forward Wanderers, motsatana choncho. Flames idatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978, 1979 ndi 1988. Mbendera ikaoneka ili ndi dzuwa loyera lathunthu pakati, ndiye kuti ndi pakati pa 2010 ndi 2012 basi.

Chenjerani ndi ogulitsa ena. Amajambulanso chithunzi cha m'nyuzipepala, n'kuchidetsa pang'ono, n'kumati n'chakale. Yang'anani ndi galasi lokuza zinthu: chochokera m'nyuzi chimaoneka timadontho ting'onoting'ono tondandalikana.

Tsopano kukonza, pomwe ambiri amapsa manja. Ine lamulo langa n'lakuti chithunzi cha mwini sindichichita kanthu kupatula kuchotsa fumbi ndi burashi yofewa. Zonse ndimachitira pa kope. Chiikeni pa sikana pa 600 dpi, kapena chijambuleni ndi foni pamthunzi, osayatsa fulashi, kenako ming'alu ndi mabanga muzichotsa pa kompyuta. Selotepu ayi, imasiya chikasu chosachoka. Kusita ayi. Lamineshoni ndiye woipitsitsa, chifukwa mukamata simungamatulenso. Matani kope, osati chenichenicho. Chikakakamira pagalasi la fulemu musachikoke, nkhope zimatsalira pagalasipo. Chijambuleni chili momwemo.

Nyengo ya mvula mudzalandira zonyowa ndi matope. Zijambuleni kaye ndi foni, kenako muziviike pang'ono m'madzi oyera ozizira, osapukuta kumaso kwake, ndipo muziyanike chagada pansalu m'nyumba, osati padzuwa. Koma zosindikizidwa ndi pulinta ya inki musaziike m'madzi, utoto umasungunuka.

Kunena za mapulogalamu a pafoni okonza nkhope, achinyamata amawakonda chifukwa ndi achangu. Vuto lake amapeka zomwe sakuziona. Mayi wakubweretserani chithunzi cha malemu amuna awo ali goloboyi wa timu ya pasukulu, inu mukuwabwezera munthu wamphuno ina. Kasitomala ameneyo sabweranso, ndipo pamsika auza anzake. Kuli bwino chithunzi chikhale chosawala kwenikweni koma munthu akhale yemweyo.

Pa mtengo, musatchule musanachione bwino. Siyanitsani ndalama ya sikani, ya kukonza ndi ya kusindikiza, ndipo landirani theka poyamba. Lembani m'kabuku dzina la mwini ndi mmene chithunzi chidabwerera, ngati chidang'ambika kale, kuti pasadzakhale mkangano pochitenga. Maina a osewera ndi chaka lembani kumbuyo ndi pensulo yofewa, osati bolopeni.

Mukafuna kugulitsa makope kwa anthu ena, pemphani kaye kwa mwini. Ngati kumbuyo kuli chidindo cha situdiyo kapena cha nyuzipepala, umwini wa chithunzicho uli ndi lamulo lake, la Copyright Act la 2016, ndipo ofunsa ndi a COSOMA.