Mwana Akamafufuza za Zojambula ndi Zosema ku Laibulale

Mwana akabwera kuchokera kusukulu ndi ntchito yofufuza za zojambula kapena zosema, musamulole kungotola pa intaneti zithunzi zosadziwika eni ake. Mupatseni kope ndi pensulo, mumuperekeze ku laibulale.

Malaibulale ambiri amasanja mabuku potsata manambala a Dewey. Zaluso zili pa 700 mpaka 799: zosema ndi zoumba pa 730, zopenta pa 750, zithunzi za kamera pa 770. Koma buku la zigoba za Gule Wamkulu likhoza kukhala kwina, pa za miyambo, cha pa 390. Funsani woyang'anira laibulale, ndipo mumutchulire dzina la malo kapena la mmisiri. Mukati "tikufuna za zojambula za pamiyala ku Chongoni" adzakuthandizani msanga kusiyana ndi kungoti "za zojambula".

Buku likapezeka, mwanayo alembe zonse lidakali m'manja: wolemba, mutu, wosindikiza, chaka ndi tsamba. Chaka chimabisala kuseri kwa tsamba la mutu, m'timalemba ting'onoting'ono. Mwachitsanzo, buku la Bambo Claude Boucher a ku Mua lakuti When Animals Sing and Spirits Dance linasindikizidwa ndi Kungoni Centre of Culture and Art mu 2012. Ine ndinabwererapo ku laibulale, ulendo wa minibasi ziwiri, chifukwa cha nambala ya tsamba yokha, n'kukapeza buku atabwereka ena.

Pomwe ana ambiri amaphonya ndi pa chojambula chenichenicho. Apa pali zinthu ziwiri zoti zilembedwe: ntchito ya mmisiriyo, ndi kumene inu mwaionera. Yambani ndi dzina la amene anajambula kapena kusema, dzina la ntchitoyo, chaka, chimene anagwiritsa ntchito (mtengo, dongo, penti) ndi kumene ikusungidwa. Kenako onjezani buku ndi tsamba pomwe pali chithunzicho. Zambiri mwa izi zimakhala m'mawu a pansi pa chithunzi kapena pa mndandanda wa zithunzi kumapeto kwa buku. Ngati munachiona ndi maso, monga ku Chamare Museum ku Mua, lembani malowo ndi tsiku lomwe munapitako.

Nanga mwini wake akakhala wosadziwika? Zojambula za pamiyala ku Chongoni, ku Dedza, zili pamalo 127, ndipo UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2006, koma palibe dzina la munthu ndi mmodzi yemwe. Zofiira anajambula Akafula, zoyera zambiri anajambula Achewa pa miyambo ya chinamwali ndi nyau. Mwana asapeke dzina kapena chaka. Alembe kuti wojambula sadziwika, atchule mtundu wa anthuwo ndi phanga lake, monga Chentcherere. Zimandiwawa ndikaona ntchito ya makolo athu italembedwa kuti "chithunzi cha mu Africa" basi, ngati inachita kugwa kumwamba.

Musanatuluke mu laibulale, mwanayo afunse ngati amalola kujambula tsamba pafoni. Akalola, ayambe ndi tsamba la mutu ndi kuseri kwake.