Nthochi za ku Nyimba pa TV

Kalata iyi yachokera kwa amayi ena a ku Nyimba. Amayi awa ali m'gulu loyanika nthochi ndi kupera chiponde, ndipo akufunsa chochita kuti malonda awo aoneke pa TV.

Zikomo amayi potilembera. Ndikuuzeni mosabisa: mukangoimba foni ku ZNBC kapena Diamond TV n'kunena kuti abwere adzaone bizinesi yanu, akulozerani ku ofesi yotsatsa malonda, ndipo kumeneko amalipiritsa. Wokonza pulogalamu amafuna nkhani. Aliyense woyenda mu Great East Road amadziwa milu ya nthochi pa Nyimba, koma ndi angati amadziwa zomwe zimaola basi ikapanda kuima? Yambirani pamenepo. Nenani kuti kale munkataya zochuluka bwanji, pano mukupulumutsa bwanji, ndipo mulipo amayi angati.

Lusaka ili pa mtunda wopitirira makilomita 300, ndiye musayembekezere kuti anyamula kamera chifukwa cha kalata imodzi. Pitani kaye kwa a ZANIS m'boma lanu lomwelo, amene nkhani zawo zimafika pa ZNBC. Funsaninso alangizi a zaulimi za pulogalamu ya Lima Time. Jambulani kavidiyo kafupi pa foni, manja ali pa ntchito, osati anthu atafola ngati pa chithunzi cha ukwati.

Anzathu a nshawa ku Petauke, izi n'zanunso. Koma amayi, katundu akhalepo wokwanira musanaitane kamera, poti anthu akaonera adzaimba tsiku lomwelo.