Kuphunzitsa Mbiri ya Kwathu Kudzera m'Ntchito za MASAF

Mphunzitsi watsopano akafika pa sukulu ya kumudzi, kaŵirikaŵiri amadandaula kuti alibe zipangizo zophunzitsira mbiri. Ife tikuti zipangizozo zili kunja kwa kalasi.

M'chaka cha 1995 boma linakhazikitsa thumba la MASAF, mothandizidwa ndi Banki Yaikulu pa Dziko Lonse. M'boma la Mwanza, monganso m'maboma ena, anthu osauka ankalembedwa ntchito yolambula miseu ndi kubzala mitengo, nalandira kandalama kogulira chimanga. Koma pomanga midadada ya sukulu, mudzi unkaumba njerwa ndi kututa mchenga mwaulere, MASAF n'kugula simenti ndi malata. Ana ayenera kusiyanitsa njira ziŵirizi.

Tikapita kukayesera kuphunzitsa kwa Nthache kapena kwa Kanduku, tiyambe tapempha chilolezo kwa amfumu. Kenaka titenge ana kukaona mseu kapena mdadada umodzi. Aupime, alembe pamene paonongeka, ndipo afunse akuluakulu amene anagwirapo ntchito.

Tichenjere ndi chinthu chimodzi: olembedwa ntchito aja ankasankhidwa chifukwa cha umphaŵi. Mwana asatuluke m'phunziroli akuchita manyazi ndi makolo ake, koma adziŵe kuti mseu umene amayendamo ndi thukuta lawo.