Chifukwa Chake Penti Wina Amadya Mnzake

M'makomboni a ku Kitwe monga Chimwemwe, Buchi ndi Chamboli, komanso ku Masala ndi ku Chifubu mumzinda wa Ndola, muli amisiri ambiri owotcherera mageti ndi mafelemu a zitseko ndiponso owongola magalimoto ochita ngozi, ndipo onsewa ntchito yawo imathera pa kupopera penti. Vuto limene limawadyera ndalama kawirikawiri ndi lakuti penti watsopano akangotera pa wakale pamatuluka makwinya ngati khungu la nkhalamba, mwinanso penti yense amatukusira n'kumatuka, ndipo mmisiri amafulumira kunena kuti wagulitsidwa penti wachinyengo, chikhalirecho cholakwika n'kusanjikiza mitundu iwiri yosamvana.

Mu penti aliyense muli ufa wopereka mtundu, ulimbo womatira ufawo pachitsulo, ndi chosungunulira, chimene ndi madzi onunkha aja amene amafewetsa penti kuti athe kupopereka. Penti wa lacquer, amene ambiri amamutcha NC ndipo anatchuka pa magalimoto m'zaka za m'ma 1920 ndi dzina lakuti Duco la kampani ya DuPont, amauma m'mphindi zochepa chifukwa thinazi, amene ndi chosungunulira chake, amangouluka, koma ulimbo wake susintha, kotero kuti thinazi akaukhudzanso umasungunukanso. Penti wa enamel, wamafuta uja wopaka mageti, amasungunulidwa ndi turpentine amene ndi wofatsa, ndipo ulimbo wake umalimba pang'onopang'ono pogwirizana ndi mpweya, motero pamwamba pamauma tsiku lomwelo pamene m'kati mumakhala mofewa kwa masiku kapena milungu. Thinazi waukali wa lacquer akalowerera pa enamel amatupitsa chikopa chapamwamba chija, ndipo popeza chilibe kothawira chimakwinyika. Lamulo lake n'lakuti enamel akhoza kukhala pamwamba pa lacquer wouma bwino, koma lacquer sapakidwa pamwamba pa enamel.

Penti wa m'zitini zopopera, amene Edward Seymour wa ku America anayamba kupanga mu 1949, nthawi zambiri amakhala ndi chosungunulira chaukali kuti aziuma msanga, ndipo ngakhale penti wa m'chitini chimodzimodzi amatha kudzidya yekha. N'chifukwa chake pa zitini zambiri pamalembedwa kuti kupopera kachiwiri kuchitike ola limodzi lisanathe, apo ayi munthu adikire maola 48, ndipo wodziwa kuwerenga malangizo amenewa amapulumutsa ndalama zimene mnzake amataya pogula chitini china ndi sandipepa. Ana asukulu opanga timaroketi ndi tinyumba tokaonetsa ku mipikisano ya sayansi ya JETS amakumana ndi zomwezi, chifukwa chosungunulirachi chimadya foam woyera wa m'makatoni a mawailesi, ndipo foam ameneyu amafuna penti wosungunulira ndi madzi.

Pofuna kudziwa mtundu wa penti wakale, mmisiri amanyowetsa kansanza ndi thinazi n'kukasisita pamalo obisika: penti akatsalira pakansanza ndiye kuti ndi lacquer, akakwinyika ndi enamel, ndipo akapanda kusintha amakhala wa 2K, amene amasakanizidwa ndi mankhwala olimbitsa otchedwa hardener. Pokayika, kupala wakale yense mpaka chitsulo chioneke n'kuyamba ndi primer, amene ndi penti woyambira woteteza ku dzimbiri, n'kotchipa kuposa kubwereza ntchito. Malata atsopano ali ndi zinki pamwamba, ndipo enamel sakhalitsa pa zinki pokhapokha atayamba apakidwa primer yake yapadera. Nyengo nayonso imalowererapo, pakuti kuyambira Novembala mpaka Epulo chinyezi chimachuluka ku Kitwe ndi ku Ndola ndipo lacquer wopopera kukuchita mitambo amayera mbuu m'malo mowala.

Choopsa kuposa makwinya ndi chimene chimalowa m'chifuwa. Hardener wa penti wa 2K ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate amene amayambitsa mphumu yosachizika, ndipo nthunzi ya thinazi imabweretsa mutu ndi chizungulire, imayakanso ikakumana ndi mbaula, fodya kapena moto wa owotcherera amene nthawi zambiri amagwirira ntchito pabwalo lomwelo. Anyamata ambiri ophunzira ntchitoyi amangomanga kansalu kumphuno, ndipo madzulo amamwa mkaka pokhulupirira kuti utsuka mapapo, koma mkaka umapita m'mimba, sufika kumapapo, ndipo kansalu kapena masiki ya pepala imatchinga fumbi lokha, nthunzi imadutsa. Mwini galaja amene amagulira anyamata ake mkaka tsiku ndi tsiku angachite bwino kusunga ndalamazo kuti agule masiki yokhala ndi zosefera za makala, zimene ziyenera kusinthidwa fungo likangoyamba kumveka, ngakhale kuti pa 2K chitetezo chokwanira ndi masiki yolandira mpweya wabwino kudzera m'paipi. Wopopera penti azigwirira ntchito pamalo opita mphepo, kutali ndi ana ndi zakudya, ndipo chifuwa chikayamba kubanika usiku apite kuchipatala n'kukanena ntchito imene amagwira.