Musanagule thirakitala yakale, werengerani mtengo woidzutsa

M'maesiteti ena a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji muli mathirakitala amene anaima kalekale pansi pa mitengo, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando. Eni ake amawagulitsa motchipa, ndipo achinyamata ofuna kuyamba bizinesi yolimira anthu kapena kututa chimanga ndi njerwa amakopeka nawo. Ganizoli ndi labwino, koma ndalama yogulira ndi chiyambi chabe. Ina yambiri imathera kwa makaniko ndi kusitolo ya masipeyala.

Ngati ndi koyamba kukonza thirakitala, sankhani mtundu umene masipeyala ake savuta. Massey Ferguson 135, imene inkapangidwa pakati pa 1964 ndi 1975, ndi poyambira pabwino. Zambiri zili ndi injini ya dizilo ya Perkins ya masilinda atatu, yosavuta kumasula, ndipo makaniko ambiri amaidziwa. Makampani a TAFE ku India ndi Millat ku Pakistan akhala akupanga mathirakitala a banja lomweli, n'chifukwa chake zitsulo zake zikupezekabe.

Samalani ndi Ferguson TE20 yotuwa ija, yopangidwa ku Coventry pakati pa 1946 ndi 1956. Ku Britain anthu amaikonda poisunga ndi kuionetsa pa zionetsero, koma zambiri zimayendera petulo kapena palafini ndipo mphamvu zake n'zochepa. Pa Massey Ferguson 35 werengani masilinda: ya dizilo ya masilinda anayi imadziwika ndi kuvuta kulira m'mawa kukazizira, pamene ya Perkins ya atatu ilibe mbiri imeneyo.

Popita kukaona, tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Fikani m'mamawa ndipo gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, ndiye kuti ailiza inu musanafike, mwina pofuna kubisa vuto. Ikalira, yang'anani utsi. Wabuluu ukutanthauza kuti ikudya oyilo. Woyera wosatha ukusonyeza madzi olowa m'silinda kapena dizilo wosapsa bwino. Wakuda kawirikawiri umachokera ku mainjekita kapena fyuluta ya mpweya yotsekeka, ndipo limeneli ndi vuto locheperako. Solorani kachitsulo koyezera oyilo: akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi asakanikirana naye.

Kenako mangirirani pulawo kumbuyo, muikweze, muzimitse injini. Ikatsika msanga, mahayidiroliki akutaya mphamvu. Yesani magiya onse, mabuleki a mbali zonse ziwiri, chiwongolero ndi shafuti ya PTO yozunguzira makina otonolera chimanga. Fufuzani ming'alu ndi malo owotcherera pa thunthu la injini. Musaiwale matayala akumbuyo, chifukwa awiri atsopano angathe kumeza ndalama yonse imene munanenerera.

Musanatchule mtengo wanu, lembani zonse zofunika kusintha, mukafunse mitengo ku Malangalanga mu Lilongwe kapena ku Limbe. Funsani sabata yomweyo. Masipeyala amachokera kunja, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mwezi watha sudalirika. Phatikizani ya makaniko, ya lole yoinyamulira ndi ina yapadera ya mavuto obisika. Zonse pamodzi zikayandikira mtengo wa thirakitala yoyenda kale, isiyeni.

Pa umwini musachite manyazi. Nambala ya pakachitsulo ka thirakitala ifanane ndi ya m'mapepala. Ngati ndi chuma chamasiye, abale onse okhudzidwa avomereze, ndipo mgwirizano ulembedwe pamaso pa mboni ndi amfumu. Safunsa anadya phula.

Mukagula, yambani ndi injini, kenako mabuleki, chiwongolero, mahayidiroliki ndi magetsi. Penti ndi womaliza. Oyamba kumene ambiri amathamangira kuipaka kufiira, ndalama n'kuthera pomwepo injini isanalire.

Nthawi yabwino yogulira ndi pambuyo pokolola, cha mu Meyi kapena Juni, kuti mukhale ndi miyezi yokonzera. Wogula mu Seputembala amapeza mvula yagwa thirakitala idakali pamiyala, alimi amene anamulonjeza minda atapita kale kwa wina.