Phunziro: Chimene Mayi Wadzola, Mwana Walandira

Mu 1956, ku Minamata m'dziko la Japan kunapezeka matenda achilendo. Fakitale ina inkataya mankhwala a mercury m'nyanja, anthu n'kumadya nsomba za momwemo. Amayi ooneka athanzi ankabereka ana olumala ubongo. Madokotala atafufuza, anapeza kuti poizoniyu amachoka m'magazi a mayi n'kufika kwa mwana m'mimba.

Mu 2013 mayiko anasainirana Pangano la Minamata, loletsa mercury m'zinthu zambiri, kuphatikizapo mafuta oyeretsa khungu. Komabe mafuta ena otere akugulitsidwabe m'misika.

Amayi, lamulo palokha silikwanira. Mukapita kusikelo, auzeni anamwino zimene mumadzola, osabisa.

Funso lokambirana: Kodi ana athu oyembekezera tingawachenjeze bwanji popanda kuwachititsa manyazi?