Kusankha ndi kukonzekeretsa galimoto ya 4x4 kuno ku Mulanje

 Lero tikambirane za galimoto yolowera kumidzi, ija timati 4x4: kasankhidwe kake ndi katundu wosayenera kusowamo.

Msewu wa phula wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi Luchenza umakufikitsani pa Muloza popanda vuto. Koma mukangopatuka n'kulowa m'minda ya tiyi, kapena kuzungulira kuseri kwa phiri la Mulanje molunjika ku Chiringa, zinthu zimasintha. Dothi lathu lofiirali likanyowa limaterera ngati therere, ndipo mitsinje monga Ruo, Lichenya ndi Likhubula imasefukira mwadzidzidzi mvula ikagwa kuphiri, ngakhale kuno kumunsi kukuwala dzuwa.

Pogula, musakopeke ndi chilembo cha 4WD chomatidwa kumbuyo. Lowani m'kati muone ngati muli giya yolembedwa 4L. Imeneyi ndiyo imakweza galimoto pamtunda wamiyala pang'onopang'ono koma mwamphamvu. Timagalimoto tambiri ta m'tauni tilibe giyayi. Kenako gwadani musuzumire kunsi: kodi yatalikira bwanji ndi nthaka, chasisi sinachite dzimbiri, oyilo sakudontha? Funso lalikulu nali: ikafa, makaniko wa pa Chitakale aitha? Land Cruiser ndi Hilux zimakondedwa ndi zipatala komanso mabungwe chifukwa amakaniko ambiri amazidziwa ndipo zitsulo zake zimapezeka ku Limbe. Galimoto yokongola imene chitsulo chake muyenera kuitanitsa kunja idzakugonetsani patchire.

Tsopano katundu. Matayala akhale a mano akuluakulu, ndipo paulendo wautali tengani masipeyala awiri. Musaiwale jeke pamodzi ndi thabwa lokhuthala, chifukwa jeke yopanda thabwa imangomira m'matope. Onjezani khasu, fosholo, chikwanje, pampu, chingwe cholimba chokokera, tochi, madzi akumwa, bokosi la mankhwala, chozimitsira moto ndi matirayango awiri. Katundu wolemera akhale pansi; mukamuunjika padenga, galimoto siichedwa kugubuduzika pamalo opendekeka. Thanki idzazidwe musanachoke paboma, ndipo ngati mukufuna mafuta apachigubu, funsani kaye malamulo a bungwe loona za mafuta la MERA.

Za kayendetsedwe, mverani bwino. Ikani 4x4 musanalowe m'matope, osati mutatitimira kale. Ngati galimoto yanu ili ndi mahabu otembenuza pamanja, tsikani muwakhome pa LOCK. Phwetsani matayala pang'ono kuti aponde malo aakulu, ndipo mukabwerera paphula, apopeninso n'kuchotsa 4x4, apo ayi muwononga magiya. Potsetsereka, gwiritsani ntchito 4L, injini ndiyo igwire galimoto. Mukaponda buleki mwamphamvu, imapita chammbali.

Mukatitimira, musalimbane ndi kuponda moto, mungodzikumbira dzenje. Tsikani, kumbani matope kutsogolo kwa tayala lililonse, yalanipo miyala ndi nthambi, kenako mutuluke mofatsa. Wina akamakukokani, chingwe chimangidwe pangowe yolimba ya pachasisi, osati pabampala kapena pakampira kokokera ngolo, chifukwa kakathyoka kamauluka n'kupha munthu. Ana ndi onse oonerera aime patali.

Pamtsinje ndiye pofunika kudekha. Tonse tikukumbukira momwe namondwe wa Freddy anakokololera milatho ndi misewu muno mu Malichi 2023. Madzi othamanga ofika m'mawondo amakwanitsa kukokolola ngakhale Land Cruiser. Imani, zimitsani injini, funsani eni mudzi. Safunsa anadya phula. Iwo amadziwa pamene pali mwala ndi pamene pakumbika. Akakuuzani kuti dikirani, dikirani ndithu, pakuti madzi a kuphiri amaphwa monga momwe amabwerera. Usiku musawoloke n'komwe.

Musananyamuke, mverani zanyengo pawailesi, uzani wachibale njira imene mudzere ndi nthawi yofika, ndipo tengani manambala a Airtel ndi TNM onse, chifukwa m'zigwa zina netiweki imodzi imasowa.

 Yendani bwino.